Chapman Stick ku Blantyre kuno: ndigule kapena ndingoiwala?

GitalaWaZingwangwa:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama. Ndimayimba gitala ku tchalitchi komanso m'maukwati. Tilipo atatu: ine, wa ng'oma ndi mlongo amene amatsogolera nyimbo. Wa bezi wathu anapita ku Joni, ndipo amene timangowagwira apa ndi apo akutivuta kwambiri. Lero alonjeza, Loweruka m'mawa foni yazima, akwati akulowa m'holo ife nyimbo ilibe pansi. Ndiye ndakhala ndikuonera pa YouTube chida china chotchedwa Chapman Stick. Ndi thabwa lalitali lopanda mimba ya gitala, nsambo 10 kapena 12, ndipo woyimba sakoka nsambo ayi, amangogogoda ndi zala za manja onse awiri pa mafureti (timizere tachitsulo topingasa pa khosi la chida), dzanja lina likuyendetsa bezi, lina nyimbo. Achimwene anga aakulu ali ku UK, akubwera pa Khirisimasi, ndipo akuti ndikatsimikiza akhoza kundigulira yogwiritsidwapo kale, ine nkumabweza pang'onopang'ono. Alipo muno anaigwirapo? Yabwino ndi iti, ya nsambo 10 kapena 12? Nanga munthu wodziwa kale gitala angavutike nayo bwanji?

ZaMkutu:
Nsambo 6 zomwezi ena zikutikanika, inu mukufuna 12. Mulimbe mtima amwene.

BeziYokha:
Tisanapite patali, oyimba bezi amene akukuthawaniwo mumawapatsa zingati akamaliza ukwati? Funso langa ndi lomwelo basi.

NaPhiri_Kiyibodi:
Achimwene, zimene mukufunazo kiyibodi imachita kale. Mumaigawa pakati, kumanzere bezi, kumanja piyano, nkhani yatha. Ikawonongeka okonza alipo ku Limbe ndi ku Ndirande komwe. Bwanji mukufuna kudzipezera mavuto a kunja pamene a konkuno sanathe?

GitalaWaZingwangwa:
Asisi, kiyibodi ndinayesa, koma bezi yake imamveka youma. Nsambo umatha kuikankha kuti liwu likwere pang'ono, umaigwedeza, umatsetsereka nayo. Zimenezo ndi zimene ndimakondera gitala, ndiye sindikufuna kuzisiya.

Mtchona_Manchester:
Ine ndili nayo ya nsambo 10, ndinagula kwa munthu amene anatopa nayo. Ndilemba motalikirapo, mundikhululukire.

Anaipanga ndi Emmett Chapman wa ku California, amene poyamba ankayimba jazz pa gitala wamba. Mu 1969 anatulukira kayimbidwe koyimika gitala chilili, manja onse awiri nkumafika pa khosi kuchokera mbali ziwiri, zala zitalunjika mofanana ndi mafureti. Mu 1974 anayamba kugulitsa chida chopangidwira kayimbidwe kameneko. Mwini wakeyo anamwalira mu 2021. Amene anaitchukitsa kwambiri ndi Tony Levin, woyimba bezi wa Peter Gabriel komanso wa gulu loyimba la King Crimson.

Tsono chimene pa YouTube simungachione msanga ndi kachunidwe kake. Pa gitala yanu nsambo yonenepa ili pamwamba, nkumawonda kutsika m'munsi. Pa Stick yonenepa kwambiri ili pakati penipeni, ndipo zimawonda kupita kunja mbali zonse ziwiri. Zisanu za bezi, kuyambira pakatipo, ndi C, G, D, A, E. Zisanu za nyimbo, kuyambira yowonda kwambiri kubwera pakati, ndi D, A, E, B, F#. Ndiye kuti mbali ya nyimbo imayenda mofanana ndi nsambo zinayi zonenepa za gitala, zala zanu zikazolowera msanga kumeneko. Koma mbali ya bezi ndi dziko lina. Mipata yake ndi yotalikirapo, komanso yatembenuzidwa. Chala chimathamangira kumene chinazolowera kukapeza liwu lotsika, nkupeza lokwera. Komanso manja amapingasana: lamanzere limadumpha nsambo za nyimbo kuti likafike za bezi, lamanja limadumpha za bezi kuti likafike za nyimbo.

Ubwino wake ulipo. Chifukwa cha mipata ikuluikuluyo, dzanja lamanzere lokha limatha kugwira bezi ndi kodi (chord, manotsi angapo olira pamodzi) nthawi imodzi, mawu osaphimbana, lamanja nkumasuka kuyimba nyimbo pamwamba. Zikagwirana zimakoma zedi. Koma ngati mukuwerengera kuti ifika pa Khirisimasi ndipo mu Januwale mukayimba nayo ukwati, iwalani. Miyezi yoyamba mudzakhala wophunzira watsopano, ngakhale mutakhala dolo pa gitala.

GitalaWaZingwangwa:
Zikomo kwambiri akulu. Ndiye pakati pa 10 ndi 12?

Mtchona_Manchester:
Ya 12 amaitcha Grand Stick, zisanu ndi imodzi mbali iliyonse. Khosi lake ndi lotambalala, mtengo wokwera, ndipo nsambo zogula zachuluka. Kwa nyimbo za ku tchalitchi ndi m'maukwati ya 10 ikukwanirani mpaka kutsala. Ine sindinafikepo poti ndaperewedwa nsambo. Chimene chimandiperewera ndi nthawi yophunzira.

BeziYokha:
Funso langa lija silinayankhidwe.

ZaMkutu:
Ayankheni abale, munthu wayima pakhomo kuyambira m'mawa.

GitalaWaZingwangwa:
Akulu a BeziYokha, timagawana mofanana zimene eni ukwati atipatsa, titachotsa ya galimoto ndi yobwereka masipika. Vuto ndi loti eni ukwati ambiri amalipira pamapeto, akamaliza kuwerenga za perekaniperekani, nthawi zina mpaka Lolemba.

BeziYokha:
Ndiye mwalipeza vuto lanu. Munthu achoke ku Machinjiri ndi bezi kumsana, akwere minibasi ziwiri ndi ndalama yake, ayimbe tsiku lonse dzuwa likuswa mtengo, madzulo mumuuze kuti dikira Lolemba. Wina akamuyitana nkumutumiziratu ya thiransipoti pa foni, apita kuti? Stick yatsopano ndi madola opitirira 2,000, ngakhale yakale siitsika kwambiri chifukwa ndi zosowa. Ndalama imeneyo mukhoza kulipira woyimba bezi maukwati angati?

Ndipo ndinene za luso lenilenilo, musamati ndikungoteteza ganyu. Bezi ya m'maukwati athu si manotsi chabe ayi. Ndi mmene chala chimakokera nsambo nkuitseka msanga, kusiya kampata kamene ng'oma imalowamo. Anthu amavina kampata kameneko. Kugogoda kumatulutsa liwu loyera, lowala bwino, koma lilibe kulemera kwa nsambo yokokedwa ndi chala. Ikani munthu mmodzi kuti aganize za bezi, kodi ndi nyimbo nthawi imodzi, chimene chimayamba kufooka ndi bezi, chifukwa khutu limathamangira nyimbo.

Mtchona_Manchester:
Pa kulemera kwa liwu ndikugwirizana nanu theka. Ikadutsa mu ampu yabwino ya bezi, nsambo ya C yapakati ija imagwedeza mawindo, ndi yotsika kuposa E ya bezi ya nsambo zinayi. Koma zoti bezi imafooka munthu akagawa maganizo, nzoona. Inenso nyimbo ikathamanga dzanja lamanzere limangobwerera ku zinthu zosavuta.

Sawundi_Limbe:
Ine ndilankhule monga munthu wokhala kuseri kwa mikisa. Chida chimenechi chimatulutsa mawu panjira ziwiri, bezi payokha, nyimbo payokha. Chingwe chake chimachoka chimodzi nkugawika pawiri kumapeto. Ndiye mukufunika matchanelo awiri pa mikisa, kapena ma ampu awiri. Mukaziphatikiza mu ampu imodzi ya gitala, bezi idzang'amba sipika kapena idzamveka ngati ili m'chitini. M'maholo ambiri amene timagwiramo mikisa imakhala yadzadza kale: maiki a MC, a akwati, a kwaya, kiyibodi, laputopu ya DJ. Mukafika ndi chida chofuna mabowo awiri pamakhala mkangano. Ndipo chingwe chimenecho chikaduka pa ukwati ku Lunzu, palibe amene angakubwerekeni chake. Muuzeni mkulu wanuyo agule ziwiri.

Chachiwiri, magetsi akazima ilibe mawu. Gitala ya bokosi umapitiriza nayo, anthu nkumawomba m'manja mpaka jenereta ilire. Iyi umangomva tiphokoso ta zala.

MadalaAkuChileka:
Ana inu mukundiseketsa. Munthu mmodzi kuyimba bezi ndi nyimbo pa chida chimodzi mukuti ndi nzeru ya ku California? Kwathu kuno ku Chileka kunali a Daniel Kachamba, a kwa Singano. Chala chachikulu chimayendetsa bezi pa nsambo zonenepa, cha mkombaphala chikuyimba pamwamba, pakamwa akuyimbanso. Ukamvera pa wayilesi umalumbira kuti magitala alipo awiri. Anatisiya mu 1987, mng'ono wawo a Donald mu 2001, koma zojambulidwa zilipo, kafufuzeni. Ndipo sanali okha. Oyimba gitala akale ambiri m'dziko muno ankayimba ndi zala ziwiri zomwezo, chifukwa kunalibe wa bezi woti amudikire. Inu mwathamangira kapulasitiki kokwapulira nsambo, chala chachikulu mwachisiya chikugona kuseri kwa khosi, lero mukuti tiyitanitse thabwa la madola.

ZaMkutu:
Madala alowa, aliyense akhale pansi.

Mphunzitsi_Soche:
Madala akunena zoona, koma pali kusiyana kumene tisakubise. Pa kayimbidwe ka a Kachamba dzanja lamanzere limagwira mafureti a bezi ndi a nyimbo pamodzi, ndiye zonse ziwiri ziyenera kukhala pamene dzanja limodzi lingafike. Pogogoda, dzanja lililonse limadzipangira lokha liwu, ndiye bezi ikhoza kukhala kumutu kwa khosi nyimbo ili kumunsi kwenikweni. Ndi ufulu umene zala ziwiri zija sizingakupatse. Kaya ufulu umenewo ukufunika pa nyimbo zimene mumayimba, imeneyo ndi nkhani ina.

MadalaAkuChileka:
Aphunzitsi, ufuluwo ndaumva. Koma mwanayu vuto lake ndi Loweruka likubwerali, osati ufulu.

Nachisale_Bangwe:
Poti mwatchula zakale, agogo anga aamuna ankayimba bangwe. Thabwa, waya wokulungidwa kubwerera kangapo, chitini kumapeto kuti mawu akule. Dzanja lina limakwapula, zala za dzanja lina zikutseka nsambo zosafunika. Ndikaona chithunzi cha Stick yanuyo ndikuona bangwe yopita kusukulu basi. Koma zoona, ndani akuphunzitsa ana bangwe masiku ano? Ife tikukhala ku Bangwe koma ana anga sanaionepo ndi maso.

WaKuMpoto:
Nanga babatoni? Gasper Nali wa ku Nkhata Bay: nsambo imodzi, botolo kudzanja lina, kamtengo kudzanja lina, phazi likumenya ng'oma. A Madalitso Band afika nayo mpaka ku Ulaya. Azungu akulipira kuti aone nsambo imodzi yathu, ife tikulipira kuti tigule 12 zawo.

ZaMkutu:
Ndiye tigwirizane: agule babatoni khumi, aliyense m'banja agwire yake.

NaPhiri_Kiyibodi:
Koma zoona a WaKuMpoto, babatoni pa ukwati wa ku holo ya m'tauni apongozi angakulandireni? Anthu a mu Blantyre amafuna aone zingwe ndi magetsi kuti akhulupirire kuti ndalama yawo yagwira ntchito.

WaKuMpoto:
Apongozi omwewo akaiona pa TV ili ku London amayamba kunyadira kuti ndi zakwathu.

Woyang'anira_Gulu:
Abale, za babatoni ndi bangwe titsegulire mutu wake, ndi nkhani yabwino. Pano tiyeni timuthandize mnzathuyu pa zimene wafunsa.

MmisiriWaKuNdirande:
Ine ndimakonza magitala, ndiye ndiyankhula za tsiku limene chidzavute, chifukwa tsikulo limafika.

Kuti kugogoda kutulutse mawu, nsambo ziyenera kukhala pafupi kwambiri ndi mafureti, kungokhudza pang'ono liwu latuluka. Ndiye kuti khosi liyenera kukhala lowongoka bwino, ndipo mafureti onse ofanana msinkhu. Pa gitala wamba fureti imodzi ikatukuka pang'ono umangokweza nsambo, nkhani yatha. Apa ukakweza nsambo wapha chida. Tsono taganizani nyengo yathu. Mu Okutobala kunja kuli gwa, thabwa limauma. Mvula ikayamba chinyezi chimalowa, khosi limasuntha. Chikuchoka ku UK kozizira, chikufika kuno pa Khirisimasi mvula ili pakati. Masabata oyamba chidzasuntha ndithu. Kuseri kwa khosi kuli chitsulo chowongolera, ndipo mwini chida ayenera kuphunzira kuchipotokola yekha, pang'onopang'ono, osati kuthamangira kwa ife nthawi iliyonse. Musaiwale kuti kasipanala kake kabwere nawo. Ilipo ina yotchedwa Railboard, khosi ndi mafureti zonse anazisema pa aluminiyamu imodzi. Imeneyo chinyezi sichiyivuta ngati ya thabwa. Ikanakhala ndalama yanga ndikanayang'ana kumeneko.

Koma chachikulu ndi nsambo. Khosi la Stick ndi lalitali ngati la bezi, mainchesi 34 kapena 36, pamene la gitala ndi 25 ndi theka. Nsambo zowonda za gitala zimene mumagula m'tauni zikhoza kuperewera utali, ndipo makulidwe ake ayenera kugwirizana ndi kachunidwe kaja. Paketi yake m'masitolo a kuno simuipeza. Ikaduka imodzi, mudikira wina wochokera kunja. Ndiye powerengera mtengo muwonjezere mapaketi angapo a nsambo, ndipo muwasunge mouma, m'chikho chotseka bwino, chifukwa dzimbiri la nthawi ya mvula silisankha kuti iyi ndi ya madola.

Mtchona_Manchester:
Amisiri anena zoona, kungoti nsambo zake siziduka kawirikawiri chifukwa palibe chozikwapula. Zimangofa mawu ndi thukuta. Mukamapukuta ndi kansalu mukamaliza zimakhalitsa.

MmisiriWaKuNdirande:
Thukuta la ku Manchester ndi la mu tenti ya ukwati ku Chirimba mu Novembala ndi zosiyana, bwana.

Kalaliki_Ginnery:
Wina anenepo za kabweretsedwe. Ndi yaitali kupitirira mita, ndiye m'ndege mwina sangalole kulowa nayo m'manja. Ikhale m'bokosi lolimba, osati chikwama chansalu. Ikafika pa Chileka pali msonkho, ndipo ndi bwino mkulu wanuyo asunge lisiti la kumene wagula kuti mtengo wowerengera msonkho usachite kuganiziridwa. Komanso ngongole yanu mugwirizane kuti ili mu makwacha kapena mu mapaundi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi ngongole ya ndalama zakunja anadzuka ngongole itakula iwo ali mtulo. Pachibale zimenezi zimadanitsa.

ZaMkutu:
Angonena kuti ndi thabwa la bedi.

Woyang'anira_Gulu:
A ZaMkutu, nzeru zozembera msonkho muno ayi.

Mphunzitsi_Soche:
Achimwene a ku Zingwangwa, ine ndikupatsani njira yoti mudziyese musanatumize uthenga ku UK. Siifuna ndalama.

Kugogoda ndi manja awiri sikufuna Stick. Stanley Jordan wa ku America amachita zimenezi pa gitala yamagetsi ya nsambo 6, ndipo anatchuka nazo dziko lonse. Iye amachuna E, A, D, G, C, F, ndiye kuti nsambo ziwiri zowonda amazikweza theka la sitepe kuti mipata yonse ifanane, chimene wagwira pa nsambo izi chigwirikenso chimodzimodzi pa zinazo. Inunso chitani choncho. Tengani sokosi yakale kapena kalamba ka tsitsi, mumange pa fureti yoyamba kuti nsambo zosagwidwa zisamalire zokha. Pa Stick pamakhala kansalu kogwira ntchito yomweyo. Kwezani ampu kuposa mmene mumachitira, koma zala zipepuke. Chala chigwe kuseri kwenikweni kwa fureti, mwachangu koma mosapanikiza, ndipo chikhale pomwepo mpaka liwu lithe. Ambiri amamenya mwamphamvu poganiza kuti mawu akula, mapeto ake liwu limasokonekera ndipo mkono umawawa.

Sankhani nyimbo ya m'buku la ku tchalitchi imene mumaidziwa ngakhale kutulo, ya makodi atatu. Dzanja lamanzere pa nsambo ziwiri zonenepa, pakati pa fureti 3 ndi 7, lizingogogoda liwu loyambira kodi iliyonse. Lamanja pa nsambo zowonda, kupitirira fureti 12, liziyimba nyimbo. Poyamba lililonse palokha. Kenako pamodzi, pang'onopang'ono mochititsa manyazi.

Anthu amati pamafunika ubongo uwiri. Ayi. Taonani mayi akuphika nsima: dzanja lina likuthira ufa, lina likuvundula, ndipo saganiza za manja awiri, amaganiza za nsima. Chimene mumaphunzira ndi malo amene manja amagwera limodzi ndi amene amasinthana: apa onse, apa lamanja lokha, apa lamanzere lokha. Mukaloweza ndondomeko imeneyo ngati chinthu chimodzi, manja amayamba kumasukirana okha. Lembani papepala mizere iwiri, muike timadontho pamene dzanja lililonse likugwa, muziwomba pa tebulo musanagwire gitala.

Muchite zimenezi tsiku lililonse kwa mwezi, mphindi 20 zokha. Mukaona kuti mukuyembekezera nthawi imeneyo mwachidwi, gulani Stick, mudzaikonda. Mukaona kuti mukuizemba, mwapulumutsa ndalama za mkulu wanu.

NaPhiri_Kiyibodi:
Zimene afotokoza aphunzitsizi ndi zomwe timaphunzira pa kiyibodi chaka choyamba. Ndiye ndibwereza mawu anga aja, kungoti mwaulemu. Komanso ngati nkhani ndi kukonda nsambo, chilipo china chotchedwa harpejji, chimene Stevie Wonder amayimba. Chimagonekedwa pa sitandi, umagogoda uli chakumapeto kwake, ndipo chili ndi zizindikiro zoyera ndi zakuda zotsanzira piyano. Kwa ife a kiyibodi chimenecho ndiye chapafupi. Koma mtengo wake musandifunse, ndinatseka tsambalo msanga.

BeziYokha:
Aliyense akubwera ndi chida chake chochotsera ntchito woyimba bezi. Tidzaonana kumwamba.

Mtchona_Manchester:
Pali njira yapakati imene sitinaitchule. Si zida zonse zogogoda zili ndi bezi yotembenuzidwa ija. NS/Stick, imene Chapman anapanga pamodzi ndi Ned Steinberger, ili ndi nsambo 8 zochunidwa motsatana ngati bezi, ndipo umatha kugogoda komanso kukoka ndi chala. Pamenepo dandaulo la a BeziYokha la kulemera kwa liwu limachepa, chifukwa nyimbo ikafuna bezi yeniyeni umangoyamba kukoka. Ziliponso Warr Guitar, imene Trey Gunn ankayimba mu King Crimson, ndi Touch Guitars za Markus Reuter wa ku Germany. Zimenezi zili ndi thupi ngati gitala, umazikoleka ndi lamba paphewa, pamene Stick ili ndi kokolekera pa lamba wa thalauza ndi kachingwe ka paphewa. Koma zonsezi ndi zodula ndipo zakale zake sizipezeka wamba.

MmisiriWaKuNdirande:
Kapena bezi ya nsambo 6 basi: B, E, A, D, G, C. Ku Joni zimapezeka, nsambo zake anthu amabwera nazo pa basi. Mundibweretsere nditsitse nsambo, ndisalaze mafureti, muzigogoda mmene mungafunire. Ikakukanikani mumagulitsa sabata yomweyo, chifukwa tchalitchi chilichonse chikufuna bezi. Stick ikakukanikani mudzagulitsa kwa ndani mu Blantyre muno?

ZaMkutu:
Kwa ine, koma pangongole.

Sawundi_Limbe:
Mfundo ya amisiri ya kugulitsa ndi yaikulu. Ndipo bezi ya nsambo 6 imafuna bowo limodzi pa mikisa. Ine ndavota.

Mtchona_Manchester:
Kungoti pa bezi ya nsambo 6 manja awiri amalimbirana nsambo zomwezo. Nsambo imodzi siingalire mawu awiri, ndiye lamanja likagwira pamene lamanzere lili kale, liwu la lamanzere limadulidwa. Pa Stick dzanja lililonse lili ndi munda wake. Komanso nsambo za bezi ndi zolimba, kugogoda kodi pamwamba kumatopetsa. Zimatheka, koma si chinthu chimodzi.

Nachisale_Bangwe:
Ine funso langa ndi lina. Mukamayimba zonsezi nokha, pa siteji mudzayang'ana anthu kapena zala zanu? Ndinaonerapo mavidiyo amenewa, ambiri nkhope ili pansi ngati akuwerenga kalata ya maliro. Pa ukwati timafuna woyimba amene akutiona tikamavina, akaona kuti azakhali alowa m'bwalo awonjezere moto.

MadalaAkuChileka:
Mayi awa anena chimene ine ndimalephera kuchifotokoza.

GitalaWaZingwangwa:
Ndabweranso akuluakulu. Ndayesa za aphunzitsi zija madzulo angapo. Ndinamanga sokosi ya mwana pa fureti yoyamba, mayi a kunyumba nkumandiyang'ana osanena kanthu. Zimene ndaona ndi izi. Dzanja lamanja likutulutsa mawu bwino ndi zala ziwiri zoyamba, koma chachitatu ndi chaching'ono zikungogwa ngati zaledzera. Lamanzere, limene ndimaliyesa lamphamvu, mawu ake akutuluka aang'ono, chifukwa linazolowera kungogwira nkudikira kuti lamanja likwapule. Ndipo nsambo zanga zili patali ndi khosi, kupitirira fureti 12 ndikuchita kumenya ngati ndikukhoma msomali. Koma pa vesi loyamba la nyimbo ina manja anagwirizana mizere iwiri yathunthu, bezi pansi nyimbo pamwamba, mpaka mwana anasiya kudya nkutembenuka. Ndinafika pa kolasi zonse zinabalalika.

Mphunzitsi_Soche:
Mizere iwiri pa sabata yoyamba ndi zambiri. Kolasi musaikhudze kaye. Zala zofookazo muzipatse mphindi zisanu zazokha, chimodzichimodzi pa nsambo imodzi, mukumvetsera kuti mawu akhale ofanana kukula. Mkono ukayamba kuwawa pamfundo, siyani tsiku limenelo.

BeziYokha:
Mizere iwiri. Ukwati ndi maola asanu.

GitalaWaZingwangwa:
Ndikudziwa akulu. Nchifukwa chake achimwene ndawauza kuti asagule kaye, tidikire mpaka kumapeto kwa Novembala ndione ngati ndidzakhale ndikuyesabe. Akakhala kuti sanagule Stick, andibweretsere kabokosi koyeserera ndi mahedifoni kogwiritsa mabatire, kuti magetsi akazima ndisamasiye. Koma a Mtchona, ngati mungathe, jambulani kavidiyo koonetsa dzanja lamanzere lokha pafupi, mukuyimba makodi atatu. Ndikufuna ndione bezi yotembenuzidwayo ndi maso anga.

Mtchona_Manchester:
Ndijambula Lamlungu ndikaweruka. Mundiuze nyimbo yake ndi kiyi imene mumayimbira, kuti muone pa chinthu chimene mukuchidziwa.

MmisiriWaKuNdirande:
Gitalayo bweretsani nditsitse nsambo, apo ayi mudzaweruza kugogoda molakwa chifukwa cha chida chosakonzeka. Mubwere ndi paketi ya nsambo zopepuka, zoyambira pa saizi 9. Mkati mwa sabata, Loweruka ndimakhala wodzaza.

GitalaWaZingwangwa:
Ndibwera Lachitatu. Tsono Loweruka likubwerali tili ndi ukwati ku Chilobwe ndipo wa bezi palibe. A BeziYokha, muli ndi pulogalamu?

BeziYokha:
Ya thiransipoti itsogole Lachisanu, yotsalayo ndilandire tisanayimbe nyimbo yomaliza, osati Lolemba. Munditumizire mndandanda wa nyimbo ndi makiyi ake ku inbox. Ampu ndibwera nayo yanga, koma wina adzandichingamire pa siteji ya minibasi, ndi yolemera.